Diso la Benedicta Alufandika

Benedicta Alufandika anaphunzira kutayipa ali mtsikana, pasukulu ya mishoni pomwe bambo ake ankaphunzitsa. Mwamuna wake atamira ndi bwato cha ku Liwaladzi, iye anachita lendi kachipinda pafupi ndi msika wa pa boma la Nkhotakota, n'kuyamba kutayipira anthu makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Anali mayi wofatsa, Lamulungu ankaimba m'kwaya ya Angilikani.

Pulinta yake ya inki itatopa, anakwera minibasi kupita ku Lilongwe kukafuna ya leza, yosindikiza ndi ufa wakuda uja amati tona. Wogulitsa anamuikira ziwiri patebulo.

"Mayi, pulinta nayonso ili ndi chilankhulo chake," anatero wogulitsayo. "Kompyuta imaiuza poti chilembo chikhale, poti chithunzi chikhale. Iyi imamva PCL yokha. Inayi imamvanso PostScript, chomwe amakonda anthu okonza zokongoletsa."

"Ine zanga ndi zotayipa chabe," anayankha Benedicta. Anatenga yoyambayo, poti inali yaing'ono komanso tona wake sankasowa.

Inamutumikira bwino mpaka chaka chomwe mphekesera za anamapopa, anthu omwe akuti amapopa anzawo magazi, zinafika kunyanja. M'masiku omwewo bambo Abdulwahab, ogulitsa maukonde, anabwera ndi fulashi ya makadi a ukwati wa mwana wawo, okonzedwa ndi mphwawo ku Dar es Salaam. Fayiloyo inali ya PostScript. Benedicta ataitumiza kuti isindikizidwe, pulinta inangoyamba kulavula mapepala odzaza manambala ndi zizindikiro zosamveka mutu wake, mpaka anachita kuzula chingwe. Mapepalawo anapatsa mayi wina wa mandasi kuti azikulungira malonda.

Tsiku lotsatira, dzuwa lili pamutu, kunja kunamveka chiphokoso cha gulu la anthu, ena atanyamula mapepala aja.

"Ndi ameneyu! Akulemba mayina a anthu oti akapopedwe!"

Mwala woyamba unaswa zenera. Wachiwiri unamupeza padiso lakumanzere, iye n'kugwa chagada. Anamukokera panja ndi tsitsi, uyu akumuponda m'nthiti, uyo akumukwapula ndi chingwe cha pulinta yomweyo. Pulintayo anaiphwanya ndi nkhafi, tona n'kumwazikira pabulauzi yake yomwe inali itanyowa kale ndi magazi. Mayi wina ataona ufawo anakuwa kuti ndi magazi ouma a anthu, ndipo miyala inachita kuwirikiza.

Bambo Abdulwahab anafika akuthamanga, chisoti chili m'manja.

"Wallahi, ndi makadi a mwana wanga amenewo! Makinawa sanamve chilankhulo basi!"

Palibe anawamvera. Mwamuna wina anawathyola mkono ndi chitsulo. Teyala linali litafika kale pakhosi pa Benedicta pomwe galimoto ya apolisi inatulukira n'kuponya utsi wokhetsa misozi.

Diso lija silinapenyenso. Ali m'chipatala, wapolisi anamufunsa ngati anazindikirapo wina aliyense. Anatchula Layson Maganizo, woimba besi m'kwaya yawo. Ndiye ananyamula botolo la petulo.

Akuluakulu a mpingo anabwera kuchipatalako pamodzi ndi amayi ake a Layson, omwe anagwada pansi pafupi ndi bedi.

"Mwana wanga, mukhululukireni. Anangotengeka ndi gulu."

"Amayi, dzukani, simunandilakwire inu," anatero Benedicta, mawu akutuluka movutikira chifukwa cha nthiti. "Koma kukhoti ndipita."

Anapitadi. Bambo Abdulwahab nawo anakaima ngati mboni, mkono uli m'chikhakha. Layson anamangidwa, ndipo ena a mumpingomo anasiya kumupatsa moni Benedicta.

Kachipinda kaja anakabweza kwa mwini wake. Pano amakhala ku Dwambazi kwa mng'ono wake Keti, komwe amalima mpunga. Munthu akamudzera kumanzere amadzidzimukabe, choncho a pamudzipo anazolowera kuyamba kutsokomola kapena kuodira ali patali.