Voti ya Mkamwini wa kwa Chambwinja

Fanuel Sakala anabadwira kufupi ndi Vubwi, kumene munthu amagona m'dziko lina n'kukatunga madzi m'dziko lina. Sukulu anaphunzira ya mishoni ya aDachi mpaka Sitandade Folo. Atangodziwa kulemba dzina lake ndi kuyankha mzungu osanjenjemera, anaona kuti khasu lamuchepera, ndipo anakwera lole ya ku Halale. Kumeneko, tikamvera za iye mwini, anali kalaliki wamkulu pa famu ya fodya. Tikamvera amene anali naye, ankatsuka mbale pa hotela ina m'tauni. Anabwerako mu 1953, chaka chimene azungu anamanga Chitaganya cha mayiko atatu, ali ndi jekete la mizeremizere, cholembera cha inki chokoleka pathumba, ndi sutukesi yaikulu imene mwana wamng'ono akanainyamula ndi chala chimodzi.

Jekete limenelo ndi lomwe linamufunsirira mbeta. Nelia, mwana wa kwa Chambwinja, pakati pa Katete ndi Sinda, analiona pa tchalitchi tsiku la Mgonero, mutu n'kuzungulira. Fanuel analowa chikamwini monga mwa mwambo, namanga kanyumba kopendama kuseri kwa apongozi, napatsidwa munda. Munda umenewo ankaufika dzuwa litakwera kale. Ankavula jekete, n'kulipinda mwaulemu, n'kulipachika pa nthambi, kenaka n'kuyamba kufotokozera anthu mmene azungu a ku Halale amalimira. Pofika poti agwire mpini, msana unali utayamba kale kuwawa. Mkamwini wotere kwathu kuno sadya chimanga cha zaka ziwiri, koma uyu anadya mpaka mwana wake Yunesi anayamba sukulu, chifukwa Nelia ankamuikira kumbuyo.

"Atate ake Yunesi ndi munthu wa mutu, si wa manja," ankatero mayiyo, thukuta lili kamukamu popalira yekha nsawa. "Tsiku lina mudzaiona ntchito yawo."

Amene mawu amenewa ankamutsamwitsa kwambiri anali Amosi, mlongo wake wa Nelia, mwini mbumba. Musamuyese woyera mtima ayi. Amosi anali woumira, wosunga zakukhosi, munthu woti ukamubwereka nkhwangwa amadzaima pambali kuyang'anira mmene ukudulira. Koma kulima ankalima. Anali ndi ng'ombe zapagoli, pulawo, ngolo, ndi nyumba ya njerwa zootcha. Analinso ndi mkwiyo wake pa boma: alangizi ankamukumbitsa migula m'munda mwake momwe ngati wandende, ndipo nsawa zake pa msika ankazigula ngati akumuchitira chifundo. Kwa iye zonsezi zinali Chitaganya, ndipo ankalakalaka atachiponda pakhosi.

Mu 1962 kunamveka kuti kukhala chisankho cha aphungu okakhala m'nyumba ya malamulo ku Lusaka pamodzi ndi Bwanamkubwa. Koma kuvota sikunali kwa aliyense. Ankafuna munthu wodziwa kuwerenga Chingelezi, amenenso ali ndi katundu wooneka ndi maso. Kwa Chambwinja zinthu ziwirizi zinalipo ndithu, kungoti sizinkagona nyumba imodzi. Chingelezi chinali m'kamwa mwa Fanuel, katundu anali m'khola la Amosi.

Amosi anaganiza masiku angapo, kenaka anaitana mlamu wake kukhola.

"Alamu, mzungu wolemba mayina akabwera, ng'ombe izi muzitchule zanu. Ngolo nayo, pulawo nayo. Koma mundimvetse. Thole likabadwira m'khola muno silikhala la wobusa. Voti imeneyo ndi ya mbumba, ndipo mukaponya kumene ife tanena, kwa munthu wophwanya Chitaganya. Mukaiononga, njira ya ku Vubwi mukuidziwa."

"Alamu, mwafika kwa katswiri," anatero Fanuel. "Zinthu izi ine ndinaziona ku Halale."

Sanazionepo. Ku Halale chisankho ankachionera pa zenera la kukhitchini.

Tsiku lolemba mayina linafika. Mzungu wachinyamata, wofiira ndi dzuwa, anaima pakhola atatseka mphuno ndi mpango. Fanuel ankayenda patsogolo pake manja kumbuyo, akuloza ng'ombe ndi chibwano, pomwe ng'ombezo zinkamuthawa chifukwa sizinkamudziwa. Mzungu atafunsa za Amosi, amene anali atagwira chingwe cha ng'ombe, Fanuel anayankha mosaphethira kuti ndi boyi wake. Amosi Chingelezi sankachimva, koma liwu limenelo ndani salidziwa? Anangogwira chingwe molimba. Dzina linalembedwa, ndipo m'mudzi monse munthu wovota anali mmodzi yekha, yemwe uja wosadziwa kumene ng'ombe imamwera madzi.

Apa ndiye matama anachita kusefukira. Anthu anayamba kumutchula kuti aVota, ena moseka, koma iye anaulandira ngati udindo. Kumunda anasiyiratu ngakhale kukapachika jekete. Pamphasa anakana kukhala, akuti munthu wodziwika ku boma amakhala pampando, ndipo mpando wa Amosi unasamukira pakhonde pake. Dzira lililonse limene nkhuku za Nelia zinkaikira linali lake, poti mutu wosankha aphungu sungayendere nkhwani. Ndipo Nelia, mayi wanzeru zake m'zinthu zina zonse, ankangomwetulira kuchitsime. Tsiku lija ankalinena lija linali litafika.

Okopa anthu anamupezanso. A chipani cha Chitaganya anabwera pa galimoto, namusiyira chipewa, shuga ndi nyama ya m'chitini, iye n'kulumbira kuti anthu akuda sangayendetse ngakhale njinga ya boma. Anyamata a chipani cha ufulu anabwera wapansi, opanda kanthu m'manja koma maso ofiira, ndipo Fanuel yemweyo anakuwa "Kwacha!" mpaka mitsempha kuonekera pakhosi. Madzulo ankamwa tiyi wa shuga wa Chitaganya mawu atasasa ndi kukuwira ufulu. Amosi ankaona zonsezi.

"Shugayo idyani, alamu," ankatero. "Koma dzanja likaponye kumene tinapangana."

Chisankho chinachitika kumapeto kwa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Nelia anasita jekete ndi simbi ya makala mpaka linkanyezimira m'zigongono. Amosi anamanga ng'ombe pangolo, naikamo mpando, ndipo Fanuel anakwera ngati mkwati, amayi akuliza nthungululu mpaka kumsewu waukulu. Mwini ng'ombe anayenda pansi njira yonse ya ku Katete, mkwapulo uli m'manja, fumbi lili m'mano.

Kumalo ovotera anamupatsa pepala namulozera kuseri kwa chiguduli, kumene kunali kathebulo ndi pensulo yomangirira ku chingwe. Tinene zoona, Fanuel anachita zimene anatumidwa. Anapeza dzina la munthu wa Amosi, nalemba kamtanda pambali pake, bwinobwino, mosaphonya. Akanangopinda pepalalo n'kutuluka, bwenzi atakalambira kwa Chambwinja.

Koma anaima n'kukayang'ana kamtandako, ndipo mtima unamuwawa. Kamtanda! Chizindikiro chimene Amosi amalemba akamagulitsa nsawa, chimene nkhalamba zosadziwa "a" zimalemba kwa okhometsa msonkho! Anaganiza za Bwanamkubwa ku Lusaka akutsegula bokosi, akutulutsa mapepala limodzilimodzi, n'kufika pa ili osadziwa kuti lachokera m'manja mwa munthu wophunzira. Ndiye sukulu anapitiranji? Anakankhira pambali pensulo ya boma, nasolola cholembera chake cha inki. M'munsi mwa pepalalo analemba dzina lake lonse, zilembo zopiringizika ngati nthambo za maungu, nawonjezera mudzi, sitandade imene analekezera, ndi moni waulemu kwa Bwanamkubwa ndi banja lake. Anauzira inki kuti iume, naponya m'bokosi, natuluka chifuwa chili patsogolo.

Kumudzi anapeza thobwa litafululidwa, anthu atasonkhana pansi pa mango. Analiponso aphunzitsi Ezekieli a pa sukulu ya mishoni, amene nawonso anali atavota n'kudzera pa njinga kudzamva za ulendo. Palibe anamufunsa Fanuel zambiri. Anangoti atsimikize ngati waponya poyenera, iye n'kuyamba kukamba zonse, kuyambira pa pensulo yonyozeka ija mpaka pa moni wa kwa Bwanamkubwa, akulemba m'malere ndi chala kuti anthu aone mmene zilembo zinapindikira.

Aphunzitsi anatsitsa chikho pang'onopang'ono.

"ASakala, mwati munalemba dzina lanu pa pepala lovotera?"

"Lonse, aphunzitsi. Ndi mzere kunsi kwake."

"Koma anatiuza pakhomo paja, m'Chingelezi ndi m'Chinyanja momwe, kuti pepala lolembedwa dzina saliwerenga. Amaliika pambali, ngati lowonongeka."

Pakhomo paja Fanuel sanamve kanthu, poti anali kalikiliki kukonza chipewa kuti anthu a pamzere amuone. Kenaka mayi wina anaphulika nako kuseka, mnzake n'kutsatira, mpaka ena ankagwira nthiti misozi ili chuchuchu. Amene sanaseke anali Amosi, amene mapazi ake anali atatupa ndi ulendo, ndi Nelia, amene ananyamuka n'kulowa m'nyumba.

Zotsatira zitamveka, munthu wa Amosi anali atapambana ndithu. Midzi ina inavina, aliyense akunena kuti nafenso tinaponyako. Kwa Chambwinja kunalibe woti anene zimenezo, ndipo akapita kuchigayo ankafunsidwa ngati Bwanamkubwa wayankha moni.

Mvula yoyamba itagwa, Amosi anaitanitsa ankhoswe. Anabwera mkulu wake wa Fanuel kuchokera ku Vubwi, bambo wofatsa amene anafika manyazi ali kale kumaso. Ngakhale pamenepa nkhani ikanatha bwino. Amosi, ndi kuuma mtima kwake konse, ankangofuna kuti mlamu wake apepese pagulu, abweze mpando, ndipo m'mawa mwake agwire khasu ngati mwamuna aliyense. Nelia nayenso anamupepesera, ngakhale monyinyirika.

"Alongo, kuponya anaponya poyenera. Chinawapusitsa ndi cholembera. Akhululukireni chifukwa cha mwana."

Munthu wanzeru akanagwada pomwepo. Koma Fanuel anali atakhala pampando miyezi yambiri, ndipo mawondo anali ataiwala. Kupepesa kwa munthu wolemba kamtanda, pamaso pa amayi amene anamuseka? Anaimirira, nakoka jekete m'munsi, nakonza kukhosi.

"Alamu, muziyamba mwaganiza musanaopseze anthu. Inu mukuti mundithamangitsa. Chabwino. Koma ku boma akudziwa kuti ng'ombe zija ndi za Fanuel Sakala. Ngolo ndi yanga, pulawo ndi yanga, mzungu anaona ndi maso ake, inu mutagwira chingwe. Ndikachoka pano ndichoka nazo, ndipo mukalimbalimba tikaonana ku khoti."

Mkulu wake anagwira kumutu. Ng'ombe zimenezo zinachokera kwa malume awo a Amosi ndi Nelia, ndipo zinali zoti zidzapite kwa ana a Nelia, kwa Yunesi yemweyo. Bambo uyu, amene sanabweretse pamudzipo ngakhale nkhuku, ankafuna kulanda mwana wake yemwe, ndi bodza limene eni ake anachita kumubwereka.

Amene analankhula anali Nelia. Sanakweze mawu.

"Atate ake Yunesi, ine ndakulimirani zaka zonsezi. Anthu ankandiseka kuchitsime, ine n'kumati sakudziwani. Kani amene sindinkakudziwani ndine." Anatembenukira kwa mkulu wake wa Fanuel. "Alamu, munabwera naye ndinu. Mutengeni. Ine ndatopa."

Za khoti zinathera pomwepo, chifukwa ngakhale Fanuel ankadziwa kuti kukanena za ng'ombezo pamaso pa oweruza n'kudziulula yekha kuti ananamiza boma. Kulongedza sikunatenge nthawi. Mkulu wake anatsogola pa njinga, akuti akamudikira kumsewu, poti sanafune kuyenda naye limodzi anthu akuona.

M'mawa mwake Fanuel anatuluka m'mudzi pang'onopang'ono, akuyenda ngati wodwala mwendo. Anali wotsimikiza kuti Nelia athamanga kudzamugwira mkono, monga ankachitira nthawi zonse akanyanyala. Njira inkadutsa m'mphepete mwa munda wa Amosi, ndipo atafika pamenepo anaima, nawerama, n'kuyamba kuchotsa minga imene munalibe m'nsapato. Nthaka inali yofewa ndi mvula, ndipo mudzi wonse unali m'minda. Amosi anali pa pulawo akukalipira ng'ombe. Pambuyo pake pankabwera Nelia akugwetsa mbewu mumzere, ndipo Yunesi ankatsatira akukwirira ndi phazi.

Mwanayo yekha ndiye anamuona. Anaima, nayang'ana bambo ake, nayamba kuyenda cha kunjira.

"Yunesi," anaitana Nelia osadzutsa mutu, "kwirira mbewu, nkhwali zitola."

Mwana anabwerera mumzere. Fanuel anadikirabe, nsapato ili m'manja, mpaka ng'ombe zinafika kumapeto kwa munda n'kutembenuka.