Edgar Trevaskis ndi Chipata cha Amayi Ake

Edgar Trevaskis anabadwa mu 1896 kuno ku Yandoola, mwana yekhayo wa Mayi Selina Trevaskis, amene amuna awo anamwalira mwanayo akadakwawa. Anamulera okha, pakati pa munda wa tirigu ndi tchalitchi chathu. Kuimba Edgar sankatha, tisanamizane. Koma akavalo ankamumvera, choncho ali ndi zaka khumi ndi zisanu anayamba kuyendetsa ngolo ya Abusa Penhall, osalandira kanthu.

Nkhondo yaikulu itayamba mu 1914, boma linkatumiza matelegalamu a imfa za asilikali kwa abusa kuti akapereke kwa makolo. Basitu, abusa anasanduka kadzidzi. Ngolo yawo ikaoneka pamsewu, amayi ankatseka zipata, ena kuthawira kuseri kwa khola. Ngakhale akungodutsa, panalibe wowapatsa moni. Edgar ankaona zonsezi atagwira zingwe za kavalo.

Mu 1916 anakalembetsa yekha usilikali. Amayi ake sanalire, anangosita malaya ake kawiri.

Pasiteshoni mnyamatayo anati, "Amayi, ndikupempheni chinthu chimodzi. Abusa akadzabwera, musadzawatsekere chipata. Mudzawapatse tiyi. Munthu wamkuluyu watha thupi ndi maliro a eni."

"Iwe, ukundilosera chiyani? Takhala chete."

"Ingolonjezani."

"Chabwino, ndalonjeza. Kwera, sitima ikusiya."

Ku France anamupatsa ntchito yonyamula ovulala pa machira. Makalata ake anali aafupi: matope, nsabwe, sokosi zija zafika, muzindipempherera. Mnzake wa kunkhondo, Clarrie Dunstan, anadzatiuza kuti anyamata ankamuseka, amvekere, "Abusa aang'ono, tapempherani mvulayi ileke!" Iye n'kuyankha, "Ndapempha kale, koma alimi a kwathu anandiyambirira."

Mu Meyi 1917, chidutswa cha bomba chinamulasa pamimba atanyamula munthu. Anagona masiku awiri m'hema la odwala, osadandaula. M'mawa wa tsiku lachitatu anapempha madzi, ananena Pemphero la Ambuye mpaka pakati, n'kutsikira kulichete.

Mayi Trevaskis ankayanika zovala pamene anaona fumbi pamsewu. Chaka chathunthu ngolo ija inkangodutsa. Tsiku limenelo inayamba kuyenda pang'onopang'ono. Aneba anali atalowa kale m'nyumba. Mayiwo anaima ndi nsalu yonyowa m'manja. Mumtima munalibe kanthu, ngakhale mantha, kungoti zii. Chipata chinali chotseka. Anayanika nsaluyo, anaiwongola bwinobwino, anapita n'kukatsegula.

Abusa anatsika chipewa chili m'manja. "Mayi Trevaskis..."

"Lowani, Abusa. Musanene kaye. Madzi ali pamoto."

Anawathirira tiyi, shuga masupuni awiri monga ankakondera, n'kukhala pampando manja ali pamiyendo. Anadikira mpaka kapu inatha. Kenako anatambasula dzanja.

"Tsopano ndipatseni."

Edgar anaikidwa konko ku France, ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Manda ake amayi ake sanawaone. Anapitiriza kusesa m'tchalitchi Loweruka lililonse mpaka anamwalira ali m'tulo mu 1938.

Pa maliro awo, Abusa Penhall, atakalamba kale, sanalalikire zambiri. Anangoti pa nkhondo yonse ija anapereka matelegalamu makumi atatu ndi imodzi, koma tiyi anamwa pakhomo limodzi lokha.