Tsekwe wa M'munda wa Mpesa

Chipale chofewa chitangosungunuka, mu Epulo, mayi wina amene ndinkagwira naye ntchito ya unamwino ku Indianapolis anatiitana, ine ndi mkazi wanga, kukamuthandiza kudulira mipesa. Mundawo unali wa malemu bambo ake, kumidzi ya kufupi ndi South Bend. Ndinavomera msanga. Pa shifiti ndinkakonda kudzitama kuti za kumunda ndi ziweto palibe angandiuze, chonsecho ndinakulira ku Ndirande, kumene ulimi wanga unathera pa tomato wa m'chitini.

Tinafika m'mawa kukuzizirabe. Achule ankalira padziwe ngati alipidwa, agwape anali atasiya mapazi m'matope, ndipo nthambi iliyonse imene mayiyo ankadula inkadontha madzi. Ndinamuuza modandaula kuti mbewu zake zagwidwa matenda. Anaseka n'kunena kuti mipesa imatero ikamadzuka nyengo yozizira ikatha.

Titayandikira mzere wa kumphepete kwa dziwe, anaima.

“Uwu tiusiye kaye. Pali tsekwe wam'tchire akufungatira mazira, ndipo mwamuna wake ndi wolusa.”

“Tsekwe?” ndinatero. “Kwathu timamugwira pakhosi n'kumuika pambali. Ndisiyireni.”

Mkazi wanga anandinong'oneza m'Chichewa: “Bambo, inu tsekwe munamugwirapo liti?”

Ndinachita ngati sindinamve. Ndinakwinya malaya n'kulowa mumzeremo ndikuwomba m'manja monga timathamangitsira nkhuku. Tsekwe wamkaziyo sanasunthe n'komwe. Koma wamwamunayo anatulukira m'udzu, khosi atalitambalitsa pansi, akulira ngati njoka yopondedwa. Ndinati “shii!” Iye sanamve Chichewa. Phiko loyamba linandipeza pabondo, ululu wake ngati wa mpini.

Ndinathawa. Ndikunena zoona, bambo wa ana awiri, ndinathawa ndikuitana amayi anga amene ali ku Blantyre. Jombo imodzi inatsalira m'matope. Podumpha waya womangirapo mipesa ndinakodwa, ndinagwa chafufumimba, ndipo tsekwe anandijompha kumene munthu amakhalira, kawiri konse, n'kubwerera kwa mkazi wake mosapupuluma.

Mwini munda anabwera akuthamanga, nkhope ili yofiira poyesa kubisa phwete. “Mwavulala?”

“Ayi, ndimangomuyesa mphamvu.”

Mkazi wanga sanabise chilichonse. Anali atakhala pansi, akupukuta misozi ya phwete ndi mpango.

Jomboyo inakhala komweko mpaka tsekweyo ataswa mazira ake, chifukwa panalibe wolimba mtima wokaitenga. Pobwerera tsikulo anadiraiva ndi mkazi wanga, ine nditakhalira mbali imodzi. Ndinamupempha kuti nkhaniyi ithere m'galimoto momwemo, ndipo analonjeza.

Lamlungu lotsatira, ku tchalitchi kwathu ku Beech Grove, mkulu wa mpingo, munthu waulemu wake, anandigwira chanza n'kundikokera mpando wa khushoni.

“Khalani apa, achimwene,” anatero motsitsa mawu. “Tamva kuti mabenchi akukuvutani.”