Amália Ayankhulira Mtambo

Amália anabadwira ku Ntengo-Wambalame ali ndi mawu aakulu kuposa thupi lake. Ali mwana, akaitana mbuzi zakwawo, za anansi zinkabweranso. Atakwatiwa ku Furancungo anayamba kugulitsa kachewere pamsika, ndipo ogula ankamumva asanatsike n'komwe mu shapa, minibasi ya kumeneko.

Tsiku lina kunabwera Élio, mlangizi wa zaulimi. Iye ndi anzake ankakonza kanema wa zithunzi zojambula zoyenda, wofotokoza mfundo za boma pa kusintha kwa nyengo. M'kanemamo munali mtambo wonenepa, wamaso ndi pakamwa, koma wopanda mawu.

"Dona Amália, mungatiyankhulire mtambowu?" anafunsa Élio.

"Mtambo umayankhula bwanji, bambo?"

"Ngati inuyo basi."

Anamupatsa pepala la mawu oti anene. Amália analiwerenga, n'kuliika pansi pa dengu. Kenako anakuwa pa foni ya Élio: "Inu otentha tchire chifukwa cha mbewa, utsi wanu ukundiwawa m'maso! Mukapitiriza, mvula ndikakhuthulira kwina!"

Kanemayo anayenda foni ndi foni mpaka ku Chidzolomondo. Ana akaona Amália ankakuwa, "Mayi Mtambo!" Iye ankatupitsa masaya, ana n'kugwa ndi phwete.

Chaka chimenecho mvula inachedwa. Mkulu wina, a Leonardo, anaima pomwe Amália ankagulitsira kachewere n'kuvula chipewa. "Mayi, ine chaka chino sindinatenthe. Nanga mvula yanga ili kuti?"

Ananena mwanthabwala, koma Amália sanathe kuseka, pakuti nayenso munda wake unali fumbi lokhalokha. Anakapeza Élio kuofesi.

"Mwandiika pamlandu. Mtambo wanu uja unene zoona, kuti ngakhale iwo sudziwa tsiku lobwera mvula."

Anakonza kanema wachiwiri. Mtambo unakanda mutu n'kuvomera kuti masiku ano umasochera, ndiye anthu aphimbire nthaka ndi mapesi, abzale mbewu zocha msanga. Amália anayamba ndi munda wake, poopa kunenedwa.

Mvula inabwera masana ena iye ali pamsika wopanda ambulera. Inam'nyowetsa chinyowetsere, madzi n'kuyamba kukokolola kachewere kulowera kumsewu.

"Mwadzikhuthulira nokha, mayi!" anakuwa mnzake wogulitsa nyemba.

"Thandizeni kutola, musamangondiseka!" anayankha Amália, akuthamangitsa kachewere m'matope, uku akuseka.