Mchira wa Kuwala

Mlamu wanga tinkamutcha Kadzidzi, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zitatu anagwira ntchito m'kachipinda kopanda zenera. Ine ndinali mu ofesi yoyang'anizana nako, choncho izi si zongomva.

Kampani yathu inkapanga timiyala tonga galasi toika m'makina ounika zikwama. Cheza cha makinawo chikamenya timiyalato, timawala. Cheza chikazimitsidwa, kamwala kabwino kamazima msanga, koma koipa kamapitiriza kunyezimira, ndipo chithunzi chimatuluka ngati chajambulidwa mu nkhungu. Kuwala kotsalirako Kadzidzi ankakutcha mchira. Ntchito yake inali kuyeza michira: kuyatsa cheza, kuzimitsa, n'kuyang'anitsitsa makina mpaka mchira utatheratu.

Kenako anatibweretsera bwana watsopano, wa masatifiketi odzaza khoma. Tinkamutcha Tayi, poti chanzeru china pa iye sindinachione.

"Madala, mwazimitsa kale. Mukudikiranso chiyani?"

"Mchira, bwana."

"Mchira? Muno ndi m'khola? Chozima n'chozima. Sainirani apa, galimoto ikudikira."

"Timiyala ta ulendo uno tili ndi mchira wa ng'ona, bwana. Ine sindisainira."

Tayi anasainira yekha. Lachisanu mlamu wanga anapatsidwa kalata yomuchotsa ntchito: akuti wakalamba, akuchedwetsa ntchito. Anzake amene ankamubwereka sikuludiraiva tsiku ndi tsiku anangoti zyoli, ngati nkhuku zonyowa. Nkhope zawo ndikuzisunga.

Patatha miyezi iwiri, timiyala tonse tinabwezedwa. Ogulawo anaika mpeni m'chikwama poyesa makina awo, mpeni osaoneka. Loweruka lina ndili pakhonde pa mlongo wanga, ndinangoona Tayi akulowa pageti, tayi ili m'thumba.

"Bambo, chonde bwererani mudzatithandize."

"Lero ndine bambo?" anatero mlamu wanga. "Paja munandizimitsa, bwana. Chozima n'chozima."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinati lero lokha mlongo wanga anakwatiwa ndi mwamuna.

Lolemba m'mawa ndikufika kuntchito, ndinapeza chitseko cha kachipinda chotseka, chitsiru cha mlamu wangacho chili m'kati. Popanda kalata yopepesa, popanda ngakhale mpando watsopano.

"Alamu, manyazi mulibe?" ndinakuwa pachitseko.

"Nanga timiyala talakwa chiyani, alamu? Musatsegule, mulowetsa kuwala."

Tayi ndiye anakwezedwa udindo chaka chomwecho, ati chifukwa chothetsa vuto la michira. Kadzidzi nkhaniyi saikumbukanso n'komwe. Iye ndi kamwala kabwino, anazima msanga. Mchira unatsala ndi ine.