Dzinja limene Lonjezo ankalira

Fungo la matewera akuuma pamwamba pa mbaula silinandichokebe m'mphuno. Linkasakanikirana ndi utsi wa makala, sopo wochapira, ndi fungo lina la masamba a tiyi akufota lochokera ku fakitale. Dzinja limenelo mvula sinkapereka mpata woti chovala chiume panja, ndiye matewerawo tinkawayanika m'nyumba momwemo, pachingwe chochokera pamsomali wa pazenera kukafika kuchitseko. Aliyense wolowa ankachita kuwerama.

Ndinali kamtsikana ka sitandade folo. Sukulu itatsekera, mayi ananditumiza kuchokera kwathu ku Goliati kuti ndikakhale ndi achemwali anga, a Esitere, pakomboni ya pa esiteti. Achemwaliwo anali atangobereka mwana wawo woyamba, wamwamuna, dzina lake Lonjezo. Mayi anakhala nawo mpaka kutuluka chikuta, koma kumunda udzu unali utakula, motero anabwerera kukapalira. Ine ntchito yanga inali kutunga madzi pampope, kutsukuluza matewera ndi kutumidwa.

Nyumba za pakomboni zinali zogundizana, mzere umodzi wautali pansi pa denga limodzi la malata. Khoma lotisiyanitsa ndi oyandikana nawo silinkafika kudenga, moti munthu akatsokomola uko, unkamva ngati ali pamphasa pako pomwe. Kutsogolo kwa nyumba kunali tiyi yekhayekha, wobiriwira, wodulidwa mofanana ngati tebulo, kutsetsereka mpaka kukhwawa n'kukweranso tsidya linalo.

Masana Lonjezo anali mwana wabwinobwino. Koma dzuwa likapendeka, nthawi imene othyola tiyi ankatuluka m'mizere ndi madengu kumsana kupita kokayezetsa, iye ankayamba. Ankapinda timiyendo, kukunga tizibakera, nkhope kufiira psuu, n'kulira mpaka mawu kusasa. Achemwali akamupatsa bere ankalilavula. Ankamubereka, kumutsitsa, kumugoneka chafufumimba pantchafu, kumusisita kumsana, kumuimbira nyimbo za kutchalitchi mpaka kuzimaliza zonse zimene ankadziwa. Akati wagona, n'kumuika pamphasa mwakachetechete, ankadzidzimuka n'kuyambiranso. Ine tulo tinkandigwira ndithu, koma ndikadzuka m'mawa ndinkapeza achemwali atatsamira khoma, mwana ali pachifuwa, maso awo atalowa m'kati.

Alamu anga, a Maliko, ankagwira ntchito mu fakitale, ndipo m'dzinja makina sankapuma chifukwa tiyi ankaphuka kwambiri. Akaweruka ankayesetsa kumunyamula mwanayo, koma ankasinza ali chiimire, achemwali n'kuwalanda poopa kuti amugwetsa.

Tsidya la khoma kunkakhala amayi a Dolofe, wothyola tiyi wakalekale wa zala zakuda zong'aluka. Iwowa ankayenera kulawirira kumunda, ndipo munthu wosagona dengu lake silidzaza msanga. Tsiku lina anatipeza pampope n'kunena mosabisa.

"Amake Lonjezo, mwana salira chonchi popanda chifukwa. Mkaka wanuwo ndi wochepa. Mupatseni kaphala kamadzimadzi, apo ayi ndikuperekezeni kwa Mphuka, kuli munthu amadziwa zomangira ana m'chiuno."

Azimayi ena anavomereza ndi mitu. Achemwali anangoti, "Ndamva amayi, zikomo. Ndikafunse kaye kusikelo." Anasenza ndowa yawo, tinabwerera kunyumba.

Kusikelo tinapita wapansi, m'matope ofiira omata kumapazi, mpaka kuchipatala cha mishoni. Anamwino anamuyeza Lonjezo, kumugwira pamimba ndi paliwombo, n'kunena kuti alibe matenda ndipo thupi likukwera bwino. Anati ana ena amatero miyezi yoyambirira, zimadzatha zokha, ndipo asapatsidwe china chilichonse koma bere. Kenako anawayang'ana achemwali kumaso n'kufunsa kuti, "Nanga inuyo mayi, mukumagona?" Achemwali anangoseka pang'ono.

Chibwerereni kumeneko, anasintha kachitidwe. Mwana akagona masana, nawonso ankagona pomwepo, kaya mbale n'zosatsuka, kaya pakhomo n'posasesa. Ine ankandikhazika pakhonde kuti aliyense wobwera ndimuuze kuti abwerenso. Pampope anayamba kunenedwa kuti ndi aulesi, ena n'kumati akudzimva chifukwa anafika fomu thuu. Anamva zonsezo, koma kaphala sanaphike ndipo kwa Mphuka sanapite.

Madzulo ena tinapita kukapereka chakudya kwa alamu, Lonjezo akulira kumsana njira yonse. Titayandikira mpanda wa fakitale, pamene pankamveka mkokomo wa mafani akuluakulu ofotetsa masamba, mwana uja anayamba kutsitsa mawu. Anasisima pang'ono, kamutu n'kugwera pamsana pa mayi ake. Achemwali anaima chilili, kuopa ngakhale kutembenuka. Anandiyang'ana ndi diso lokha, ndipo kanali koyamba kuwaona akumwetulira chifikireni ine pakomboni paja.

Kuyambira tsiku limenelo, madzulo aliwonse unali ulendo wa kumpanda. Tinkadutsa kanjira ka pakati pa tiyi, masamba onyowa akutinyowetsa mpaka m'chiuno, ine nditagwira ambulera yothyoka nthiti. Achemwali ankayenda uku ndi uku m'mbali mwa waya, akugwedeza msana pang'onopang'ono, mpaka mwana atagoneratu. Alonda a pageti anatizolowera, mvula ikalimba ankatiitana kuti tiusepo pakakhumbi kawo. Sikuti kulira kunatha, ayi. Koma tulo take toyamba tinkatalikirapo, ndipo anthu a pakomboni ankapezako mpata wodya mwamtendere.

Ndiye linafika tsiku la chimvula champhepo. Mtengo unagwera mawaya, magetsi anazima, fakitale yonse inangoti zii. Lonjezo anayamba kulira kudakali masana, pamwamba pa usiku umene achemwali sanaone tulo n'komwe. Anayenda naye m'nyumba, kuchitseko, kuzenera, kuchitsekonso, akuwerama pansi pa matewera. Malata ankachita phokoso, mwana akukuwa, utsi wa mbaula ukutiwawa m'maso. Mwadzidzidzi achemwali anasiya kuimba. Anamasula nsalu, kukankhira mbaula kukona, kuyala kabulangete pakati pa mphasa, n'kumugoneka Lonjezo chagada.

"Usamunyamule. Uzingomuyang'ana," anandiuza, mawu ali ouma ngati a munthu wina.

Anatuluka osafunda kanthu. Ndinasuzumira pazenera ndipo ndinawaona ataima kuseri, pafupi ndi nthochi, mvula ikuwakhuthukira, manja atatseka makutu, mapewa akugwedezeka. Mwana ankalira pamphasa, timanja tikufunafuna m'mwamba. Mtima wanga unawawa, ndipo ndinawakwiyira kwambiri. Ndinkadzifunsa kuti ndi mayi wanji wosiya mwana akulira n'kukaima pamvula.

Sindidziwa kuti panapita nthawi yotani, koma sinali yaitali. Achemwali analowa madzi akuchucha, kupukuta nkhope ndi manja, kusintha bulauzi, n'kugwada pamphasa. Anamunyamula mofatsa ngati akumuona koyamba.

"Tiyeni bambo, tiyambirenso," anatero.

Posakhalitsa chitseko chinagogodedwa. Anali amayi a Dolofe, atafunda pulasitiki yawo yothyolera tiyi. Ndinaganiza kuti abwera kudzakalipa. Koma anangovula pulasitikiyo, kutenthetsa manja pambaula, n'kutambasula mikono.

"Amake mwana, mukamaliza kuyamwitsako mundipatse kuno. Inu kagoneni kwanga, pabedi pali bulangete. Akafuna bere ndikudzutsani."

Za kaphala sanatchule. Achemwali anazengereza, kenako anapereka mwana n'kutuluka. Amayi aja anamubereka Lonjezo n'kuyamba kupondaponda pamalo amodzi, akung'ung'udza nyimbo ya Chilomwe imene sindinkaimva. Mwanayo analirabe ndithu, iwo osatekeseka. Kudzera pamwamba pa khoma lija ndinamva achemwali akuliza mkonono, ndipo amayi a Dolofe anaseka chamumtima.

Kuyambira pamenepo ankabwera akaweruka, osati masiku onse, koma akaona kuti zafika povuta. Magetsi atayaka, maulendo a kumpanda anapitirira. Sukulu itatsegulira ndinabwerera kwathu kulira kusanathe, ndipo ndinadzamva chimanga chitayamba kudyedwa chachiwisi kuti Lonjezo wayamba kugona ngati ana ena onse.

Nditafika ku Goliati, nkhani yoyamba kuwauza mayi inali ya tsiku la chimvula lija. Ndinaifotokoza ngati mlandu, ndikuyembekeza kuti akwiya. Iwo anapitiriza kusadzula nkhwani, kenako anafunsa kuti, "Nanga anabwerera?" Ndinati eya. "Basitu," anatero, nkhani n'kuthera pomwepo. Sindinakhutire nalo yankho limenelo.

Zaka zambiri zitadutsa, ndili ndi mwana wangawanga wamkazi m'kanyumba ka lendi ku Limbe, ndinadzapezeka nanenso nditaima kuseri kwa nyumba, nditatoperatu, mwana ndamugoneka pabwino m'katimo akulira. Ndili mwana ndinkaona ngati achemwali anathawa mwana wawo chifukwa chikondi chinawathera. Nditaima kuseri kuja ndinazindikira kuti manja otopa mpaka pamenepo akhoza kuvulaza chimene akuchikonda, ndipo achemwali anadziwa nthawi yomutula mwanayo pansi. Ndinapuma, ndinapukuta nkhope, n'kulowanso.