Amene Ankamvera Foni ya Alamu Anga

Foni yoyamba kuigwira m'manja mwanga inali ya amuna anga. Nthawi imeneyo tinkakhala pa kampu ya masikauti a gemu, m'malire a paki, kupitirira Kakumbi. Nyumba zinali zochepa, ndipo kuseri kwa yathu kunali dambo limene njovu zinkadutsamo popita kukamwa madzi ku Luangwa. Amuna anga ankalowa m'thengo ndi anzawo kukalondera nyama, ine n'kutsala ndi ana komanso kadimba kanga ka repu, kamene anyani sankakapatsa mpata.

Foni isanabwere, uthenga uliwonse unkadzera pa wailesi ya mu ofesi ya kampu. Pamenepo panalibe chinsinsi. Ukamva kuti kwanu kwagwa maliro, ndiye kuti makampu onse a m'chigwa amva kale. Tinazolowera. Munthu unkadziwa kuti ukulankhula pabwalo, ndiye unkasankha mawu. Foni itafika tinaona ngati atimangira chipinda chokhala ndi chitseko.

Netiweki inkapezeka malo amodzi okha, pa chulu cha pansi pa mtengo wa mvunguti. Unkakwera pamenepo, diso lina lili m'mwamba kuopa kuti chipatso chingakuswe mutu, lina lili kudambo kuopa njovu.

Amene ndinkawaimbira kawirikawiri anali akulu anga, obadwa nawo bere limodzi, amene anakwatiwa ku Msoro. Amuna awo, alamu anga, ankalima thonje. Chaka china thonje litawayanja anagula foni ndi kasola kotchajira. M'mudzi monsemo foni inali yokhayo, choncho aliyense wofuna kulankhula ndi wachibale wake ankathera pakhonde pawo. Alamu anali munthu wosadziwa kukana. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ndinkakwera pachulu n'kuimba. Iwo ankandipatsa moni, kufunsa za ana, kenako n'kupereka foni kwa akazi awo, iwo n'kupita kukacheza kwa amuna anzawo.

Ndiye kunabwera chaka choipa. Mapocha, anthu opha nyama mozemba, anasiya kukhala a m'mudzi otchera misampha ya waya kuti apeze ndiwo. Kunayamba kubwera magulu ochokera kutali, onyamula mfuti zankhondo, ofuna minyanga ya njovu. Amuna anga akabwera kuthengo ankangokhala chete. Malaya awo ankanunkha njovu yowola, ndipo ndinkawachapa kangapo fungo osachoka.

Tsiku lina kunafika mkulu wina wa boma pa galimoto. Anatisonkhanitsa tonse, amayi omwe, m'munsi mwa mtengo wa msikizi. Analankhula zambiri, koma chimene tinachigwira ndi chimodzi. Anati mapocha amapangana pa foni, ndipo boma tsopano lili ndi njira yomvera zimene anthu akulankhula.

"Amene alibe mlandu asaope," anatero.

Ine sindinaope. Chimene chinandigwira chinali chidwi. Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, amuna anga ali kupukuta nsapato pakhonde, ndinayamba kuwafunsa.

"Bambo, womverayo amakhala kuti?"

"Sindidziwa."

"Ndi munthu kapena makina?"

"Mayi, ine ntchito yanga ndi ya m'thengo. Zimenezo amadziwa ndi akuluakulu."

"Nanga amamva Chikunda? Ine ndi akulu anga sitilankhula Chinyanja pa foni."

Anaseka. Anati boma silingataye nthawi kumvera akazi awiri akukambirana za nkhuku zofa ndi chitopa.

Koma ine nkhaniyo sinandichoke. Ndikamatunga madzi ndinkamuganizira munthu ameneyo. Ndinkamuona atakhala m'chipinda chozizira ku Lusaka, zomvera zili m'makutu, tiyi ali pambali. Kodi akamva maliro amamva chisoni? Akamva nthabwala amaseka? Akaweruka amakawauza akazi ake zimene wamva, monga amuna anga ankandiuzira za mikango imene akumana nayo? Nanga mafoni onse a m'dziko muno, makutu ake ndi angati?

Lamlungu lotsatira ndinawauza akulu anga. Iwo anali munthu wanthabwala. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anasintha mawu n'kulankhula Chinyanja mwaulemu.

"Mwaswera bwanji, abwana omvera? Kuno ku Msoro tilipo, mvula ndiye yachedwa. Mukakumana ndi ogula thonje muwauze akweze mtengo."

Kwa milungu ingapo ankayamba choncho. Kenako nthabwala inazizira, tonse tinaiwala. Munthu sungakhale ukukumbukira khutu limene suliona. Pa kampu amayi ena anayamba kulankhula mophiphiritsa, nyama yowuma ankaitchula kuti nkhuni, koma nawonso anatopa nazo.

Ndi nthawi imeneyo pamene akulu anga anandiuza chinsinsi chawo. Anali ndi ana asanu ndi mmodzi, ndipo pa mwana womaliza anataya magazi ambiri moti anatsala pang'ono kutisiya. Anamwino anawachenjeza kuti mimba ina ikhoza kuwapha. Alamu anga ankafunabe ana. Kwawo anabadwa ambiri, ndipo ankati nyumba yopanda khanda ndi yozizira. Akulu anayesa kuwauza, iwo n'kumati Mulungu ndiye amasunga munthu. Ndiye akulu anayamba kubayitsa jakisoni wolera kukiliniki, akapita ndi mwana kusikelo.

"Iwe, usauze munthu," anatero pa foni. "Ngakhale amuna ako."

"Nanga alamu akadzadziwa?"

"Adzadziwa bwanji? Akuganiza kuti ndakalamba."

Sindinauze munthu. Ndinatsika pachulu paja nkhaniyo ili m'mimba mwanga, ndipo inakhala momwemo.

Chilimwe chitafika pachimake, mtsinje utaphwa moti munthu ankatha kuwoloka madzi akulekeza m'mawondo, amuna anga ananyamuka ndi gulu lawo monga mwa nthawi zonse. Anabwerako msanga kuposa mmene ndinkayembekezera, pa galimoto yodzaza ndi asilikali amene sindinkawadziwa. Atasamba n'kudya, anandiitana kuseri kwa nyumba.

Anati gulu lawo linkayenera kukagona pa chitsime china cha m'thengo chimene ankachikonda. Ali m'njira, wailesi inawaimitsa. Anauzidwa kuti asafikeko, abisale pamene alipo mpaka thandizo lifike. Mapocha anali atadziwa njira yawo, ndipo anali atawabisalira pachitsimepo ndi mfuti. Asilikali aja anakawazinga n'kugwirapo ena, ena anathawa.

"Akuluakulu anadziwa bwanji?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana, kenako anakweza dzanja n'kuliika pakhutu ngati akulankhula pa foni.

"Akanapanda kumvera, mayi, lero bwenzi mukumeta."

Ndinakhala pansi pomwepo. Lamlungu limenelo kutchalitchi ndinamupempherera munthu uja wa zomvera m'makutu. Sindinkadziwa dzina lake, ndinangoti Ambuye mukumudziwa ndinu.

Pasanapite nthawi, mayi wina woyandikana ndi akulu anga anandiimbira pa foni ya mphunzitsi wa m'mudzi wina. Anati anthu a boma abwera ndi galimoto n'kuwatenga alamu, pamodzi ndi foni yawo. M'foni za mapocha ogwidwa aja munapezeka nambala yawo.

Ine ndinkawadziwa alamu anga. Mfuti anali asanaigwirepo, ngakhale nkhuku ankaphetsa kwa ana. Zinadziwika pambuyo pake kuti munthu wina wa m'mudzi woyandikana nawo, amene ankabwera kudzabwereka foni ati kuimbira mwana wake wodwala, ndiye ankawauza mapochawo za mayendedwe a masikauti. Ankaima patali pang'ono ndi khonde, alamu n'kumusiya, poti si ulemu kumvetsera za eni ake.

Anawasunga masiku angapo, kenako anawamasula. Sanawamenye. Anawabwezera ndi foni yomwe. Tinati zatha bwino.

Koma m'mawa wina ndili kusesa pabwalo ndinaona akulu anga akutsika pa njinga yonyamula anthu, mwana kumsana, kachikwama m'manja. Nkhope yawo inali ngati ya munthu wochoka kumanda. Ndinawalowetsa m'nyumba, ndinawapatsa madzi, ndipo anandifotokozera.

Alamu atafika kunyumba sanadye n'komwe. Mawa lake anawaitana akazi awo n'kuwafunsa za jakisoni. Zimene zinachitika ndi izi. Powafunsa mafunso, alamu ankalimbikira kunena kuti foni ndi yawo ndipo amadziwa zonse zimene anthu amalankhulapo, za thonje, za matenda, za maliro basi. Mmodzi wa ofunsawo, mnyamata ndithu wamsinkhu wa mwana wawo woyamba, anaseka.

"Mumadziwa zonse, madala? Nanga zoti akazi anu amabayitsa jakisoni kuti asabereke, mukuzidziwa?"

Ena m'chipindamo anasekanso. Mwina ankangofuna kuwaonetsa kuti pa foni yawo pankadutsa zinthu zimene iwo sankazidziwa. Ndipo zinali zoona. Koma mawu aja atatuluka sakanabwereranso.

"Akuti ndawachititsa manyazi pamaso pa ana," anatero akulu anga. "Akuti ndibwere kwa iwe, poti ndiwe mwamuna wanga amene ndimamuuza zinsinsi."

Anakhala kwathu mpaka mvula inayamba, mbewu n'kumera. Tinkalima limodzi kamunda kanga ka mapira, kusinthana kupirikitsa anyani. Nthabwala zawo zinachepa. Tsiku lina tikupalira anaima n'kutsamira khasu.

"Iwe, paja tinalankhula Chikunda tsiku lija?"

"Chikunda, akulu."

"Ndiye kuti amene anamva ndi wa kuno."

Ndinali ndisanaganizeko. Chipinda chozizira cha ku Lusaka chija chinachoka m'maganizo mwanga. Kapena chipindacho chinalipo ndithu, koma wokhalamo anali mwana wa m'chigwa momwe muno, woti anakulira kuopa ng'ona pa dooko ngati ife, woti amake mwina tinapempherapo nawo pa msonkhano wa amayi. Anamva mayi akunena kuti akuopa kufa pobereka, ndipo anamasulira mawuwo n'kuwapereka kwa anzake. Kodi anazengereza? Kodi ntchito yake inkamulola kusiya zina? Mpaka lero sindidziwa. Kwa zaka zambiri, ndikaona mnyamata wa kuno wovala bwino atabwera kutchuthi, ndinkamuyang'ana kawiri.

Ndinawafunsanso amuna anga, akulu atapita kumtsinje kukachapa.

"Bambo, sakanatha kumvera mapocha okha?"

"Akanawadziwa bwanji kuti ndi mapocha asanamve? Foni inali imodzi, mayi. Yomwe ankalankhulira amene ankafuna kundipha ndi yomwe ankalankhulira akulu anu."

"Kumva amve. Koma kunena?"

 Anati mnyamata uja analakwa, ndipo akanakhala wa gulu lawo akanamudzudzula. Koma anatinso iye ali moyo, ndipo sanganame kuti akanakonda kuti asamvere. Inenso sindikananama. Ndinkati ndikawayang'ana amuna anga akusewera ndi ana ndinkathokoza, ndikatembenuka kuona akulu anga ali zii pamphasa mtima n'kuwawa.

Amalume athu ndiwo anakonza nkhaniyi. Anapita ku Msoro, anakakhala pansi ndi ankhoswe a mbali zonse. Kenako alamu anabwera okha pa njinga yawo kudzatenga akazi awo. Anafika thukuta lili thupi lonse, matope mpaka m'mawondo. Ndinawapatsa mpando pakhonde, amuna anga anakhala nawo, ife akazi tinakhala pamphasa chapafupi.

Alamu analankhula kwa amuna anga, koma mawuwo anali opita kwa tonse.

"Za jakisoni ndinaziganizira. Amalume andikumbutsa tsiku lija tinamunyamula mkazi wangayu pa ngolo magazi ali chuchuchu. Ndinalipo, ndinaona ndi maso anga. Ndikanamva, mwina ndikanakalipa, koma ndikanamva. Chimene chikundikanika kumeza n'chakuti ndinazimva kwa mwana wosamudziwa, akuseka."

Akulu anga anayankha nkhope ili pansi. "Ndinakuuzani kangapo, bambo, simunamve."

Alamu anatembenukira kwa akazi awo. Kenako anati, "N'zoona, unanena."

Anagona kwathu, m'mawa ananyamuka limodzi, akulu pa kaliyala mwana ali kumsana. Sanaberekenso mwana wina. Foni ija alamu anasiya kubwereketsa, ndipo anthu a m'mudzi anawanena kuti ayamba kunyada. Ine ndi akulu tinapitiriza kuimbirana, koma zinali za moni, za mvula, za ana. Pakakhala nkhani yeniyeni ankangoti, "Ndibwera," ndipo ankakwera lole ya thonje kapena njinga n'kufika. Tinkakambirana kumunda, makasu ali m'manja.

Khanda lija anabwera nalo kumsana lero ndi mnyamata wamkulu, amaperekeza alendo odzaona nyama pa kampu ina ya ku Nkwali. Foni sichoka m'manja mwake, ndipo amalankhulirapo chilichonse, ngakhale za chibwenzi chake, ife tili pomwepo. Ulendo wina atabwera kudzandiona ndinamufunsa ngati saopa kuti wina akumvera.

"Amayi aang'ono, aliyense amadziwa kuti amamvera," anatero. "Nanga tileke kulankhula?"

Ndinafuna kumuuza nkhani ya amake, koma ndinaona kuti si ine woyenera kuinena. Ndinangomufunsa ngati mikango ikuonekabe kufupi ndi mlatho wa pa Luangwa, iye n'kuyamba kundionetsa zithunzi.